Dalaivala Amene Ankafika ndi Moto Kunyumba

Kunali bambo wina ku Kawale, mumzinda wa Lilongwe, dzina lawo a Mbedza. Ntchito yawo inali yoyendetsa galimoto ya thanki, zazitali zija zonyamula petulo kuchokera kudoko la Beira. Anali ndi mkazi wawo, Nangondo, ndi mwana mmodzi yekha, mtsikana wamng'ono dzina lake Mwatitha.

Abale anga, ndiyambe ndanena ichi kuti musawaweruze msanga. A Mbedza ankalikonda banja lawo. Sanali munthu wa mowa. Sanali munthu wokhala ndi khomo lina m'njira, monga timamvera za ena. Akamanyamuka, thupi lokha ndi limene linkakwera galimoto. Mtima unkatsala ku Kawale.

Ulendo wa kudoko ndi wautali, ndipo kudikira kwake n'kotalika kuposa msewuwo. Amafika, n'kuima pamzere. Dzuwa limatuluka, dzuwa limalowa, mzere osasuntha. Madalaivala amakhala pamthunzi wa magalimoto awo n'kumacheza. Ena amakamba za mpira, ena za ndale. A Mbedza ankakamba za Mwatitha. Ankanena mmene mwanayo amaimbira akamatsuka mbale, mawu ake okwera ngati a kamwana ka mbuzi. Ankanena mmene amawerengera zikwangwani zonse za mumsewu mokweza, ngakhale zimene sakuzimvetsa.

"Tamva, a Mbedza," anzawo ankatero akuseka. "Mwana wanu ndi wanzeru. Munatiuza dzulo."

Iwo ankasekanso, koma mawa lake ankayambiranso.

Kunyumba nakonso kunali chimodzimodzi. Galimoto yolemera ikangolira kumsewu, Mwatitha ankasiya chimene akuchita n'kutchera khutu, ngakhale ankadziwa kuti bambo ake sabwera ndi thanki pakhomo. Nangondo ankasunga mfutso wa khwanya umene amuna ake ankaukonda, osaukhudza, kudikira tsiku lawo. Ankachapa malaya awo amene anali oyera kale, kungoti awagwireko.

Mukuona? Uku mtima ukulakalaka, ukonso mtima ukulakalaka. Munthu anganene kuti tsiku lokumana linkakhala la chikondwerero. Koma sizinali choncho.

M'njira muja a Mbedza ankakumana ndi zambiri. Pachipata china wantchito ankawasiya ataima ndi mapepala m'manja, iye akuseka pafoni. Pena mnyamata wovala yunifomu ankawalankhula ngati mwana, iwo imvi zili mbuu. Bwana wawo ankaimba foni kosalekeza: "Muli pati? Anzanu afika kale." Maenje a mumsewu ankawagwedeza msana. Minibasi inkawadula kutsogolo, iwo atanyamula katundu woti akhoza kupsereza mudzi. Pa zonsezi a Mbedza sankayankha. Ankangoti, "Inde bwana. Pepani bwana." Ankameza. Koma chimene munthu wameza sichikhala kuti chatha. Chimangokhala m'kati.

Ndiye ankafika pakhomo. Chitseko cha mpanda chikachedwa kutsekulidwa, mawu ankakwera. Akaona tsache lagona panjira, mawu ankakwera. Madzi osamba akatentha kwambiri, kapena akazizira pang'ono, nyumba yonse inkagwedezeka. Munthu amene anafatsira anthu onse achilendo kuchokera ku Beira mpaka ku Dedza, ankalusira anthu awiri okha amene anawalota njira yonse. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mtima unkatsika, n'kuyamba kuseka nawo, koma pamenepo n'kuti nthawi yonyamukanso yayandikira. Ankachoka ali ndi chisoni, n'kumadziuza kuti ulendo uno ndikabwera zidzakhala bwino.

Tsiku lina anafika masana, chikwama kuphewa, foni kukhutu. Bwana anali kuwakalipira za kuchedwa kumene sikunali kulakwa kwawo. Mwatitha anawaona ali pakhonde. Anataya mpira umene ankasewera nawo, n'kuthamanga, akufuula, "Ababa! Ababa!" Anawakumbatira m'miyendo ndi mphamvu zake zonse. A Mbedza anadzandira, foni n'kugwa pasimenti, galasi lake n'kusweka.

Sanaganize. Dzanja linangopita lokha. Anamukankha mwanayo, ndipo Mwatitha anagwera pamwala wa m'mphepete mwa khonde. Mlomo unang'ambika. Magazi anadontha padiresi yake yachikasu, imene anavala dala tsiku limenelo poti ababa akubwera.

Mwanayo sanalire mokweza. Anangodzuka, n'kuwayang'ana, n'kulowa m'nyumba.

Nangondo anamutsuka bala, namugoneka. Kenako anatuluka, n'kukhala pamkeka patali pang'ono ndi amuna ake. Sanakalipe. Analankhula motsitsa.

"Bambo a Mwatitha, mukachoka timakusowani. Mukabwera timakuopani. Ine sindikudziwanso kuti ndizipempherera chiti."

A Mbedza anapepesa, inde. Anagula mankhwala, anagula maswiti. Koma kuyambira tsiku limenelo, akalowa pabalaza, mwanayo ankatulukira khomo la kuseri. Akamuitana ankabwera, n'kugwada patali, maso pansi, ngati kwa mlendo.

Tsopano ndikuuzeni kanthu kena ka ntchito yawo, kuti mumvetse zimene zinatsatira.

Ana asukulu amadziwa masewera aja otenga bolopeni n'kuikhula kutsitsi, kenako n'kuiyandikitsa patizidutswa ta pepala. Timapepalato timadumpha n'kumatirira pabolopeni. Palibe batire, palibe waya. Mphamvuyo yachokera pa kukhulana basi. Zinthu ziwiri zikamakhulana, chimodzi chimalanda timagetsi ta chinzake, ndipo timagetsito timaunjikana pamenepo, osayenda, kudikira njira. N'chifukwa chake nyengo yozizira ndi youma mukavula juzi imathetheka, ndipo mukagwira chitseko cha galimoto chala chimamva kulasa. Pachala ndi kanthu kongoseketsa. Koma pathanki ya petulo si nkhani yoseka.

Galimoto ija ikamayenda, petulo amakhavukira uku ndi uku, kukhulana ndi zitsulo za thanki. Mphepo ndi fumbi nazo zimakhula kunja. Potsitsa, petulo amakhulananso ndi paipi. Magetsi aja amachulukirachulukira, ndipo matayala, poti ndi a labala, sawalola kutsikira pansi msanga. Kukangothetheka kamoto kamodzi pamene pali mpweya wa petulo, zonse zatha. N'chifukwa chake pamalo otsitsira mafuta pamakhala chitsulo chokhomedwa mozama m'nthaka, ndi waya wokhala ndi chopanira kumapeto. Dalaivala asanatsekule chilichonse, amayamba wapana waya uja pathanki, n'kudikira pang'ono, kuti magetsi onse a m'njira atsikire m'nthaka. Akatero ndiye amatsekula.

Pa chinthu ichi a Mbedza sankanyengerera. Zaka zonse za ntchito yawo sanatsitsepo mafuta osayamba apana waya. Anzawo ankawadziwa choncho.

Inafika nyengo yozizira, mphepo youma ija yosweka nayo milomo. A Mbedza anali kudoko, mzere utatalika kuposa kale, pamene Nangondo anaimba foni.

"Sukulu akutsekera Lachisanu," anatero. "Loweruka m'mawa ine ndi mwana tikupita kwathu ku Linthipe. Achimwene amupezera malo pasukulu ya kumeneko."

"Nangondo, mukundithawa?"

"Sindikuthawa. Ndatopa ndi kuona mwana akunjenjemera akamva mapazi a bambo ake. Tikapumeko."

"Ndidikireni. Ndifika Loweruka lomwelo. Tikambirane maso ndi maso."

Nangondo anati, "Mukatipeza, mwatipeza."

Akudoko atawathira mafuta muthanki, a Mbedza ananyamuka. Njira yonse mtima unali patsogolo pa galimoto. Ankakonza mawu oti akanene, n'kuwafafaniza, n'kukonzanso ena. Podutsa pa Linthipe Loweruka m'mawa, anayang'ana kanjira kofiira kolowera kumudzi kwa mkazi wawo, n'kunena mumtima kuti, ayi, sadzayenda njira imeneyi, ndiwapeza. Dzuwa lisanakwere kwenikweni anali atafika padepoti yotsitsira mafuta ku Lilongwe. Chinatsala n'kutsitsa basi, kenako minibasi imodzi, ali ku Kawale.

Anatsika m'galimoto. Pogwira chitseko kuti atseke, chala chinawalasa, kamoto kakang'ono n'kuthetheka. Mpweya unali wouma zedi tsiku limenelo.

Anapita pachitsulo chija kukatenga waya. Anapeza waya ataduka, chopanira chake chitaphwanyika. Galimoto ina inali itachiponda pobwerera m'mbuyo.

Amene anali pantchito tsikulo anali bambo wina dzina lake Jailosi, wongobwera kumene kuchokera kumbali ya zolembalemba. Iye anakanda mutu.

"Wokonza ndamuimbira, koma ali kumaliro ku Nathenje. Akuti afika chakumasana."

"Chakumasana!" A Mbedza anagwira m'chiuno. "A Jailosi, ine banja langa likukwera basi m'mawa uno."

Jailosi anawayang'ana, n'kuwamvera chisoni. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Akuluakulu kulibe lero. Tingotsitsa, madala. Kamodzi kokha. Ine sindinaonepo moto pano. Mukangomaliza muthamange mukawapeze."

Abale anga, taimani pamenepa ndi a Mbedza. Paipi ili m'manja. Kuseri kwa mpanda kuli amayi ogulitsa nthochi, ana awo akusewera pafumbi. Kutsidya kwa mzinda kuli mkazi amene akumanga katundu, ndi mwana amene akuvala nsapato. Mwina sipachitika kanthu. Nthawi zambiri sipachitika kanthu. Mtima wonse ukuti tsekula, tsekula, uwapeze.

Anaigwira paipiyo nthawi yaitali. Chala chimene chinalasidwa chija chinali chikadanyerenyesa. Anayang'ana ana aja kuseri kwa mpanda. Kenako anaiika paipi pansi pang'onopang'ono.

"Tidikira," anatero.

Anakhala pansi pafumbi pafupi ndi chitsulo chija. Anaimbira Nangondo, foni inangolira. Anaimbanso. Ulendo wachitatu anayankha, ndipo kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka injini ndi wothandizira basi akuitanira anthu.

"Takwera kale," anatero Nangondo.

"Ndafika, Nangondo. Ndili padepoti. Waya waduka, sindingatsitse."

"Ndamva."

"Mwatitha ali pomwepo? Mumpatseko foni."

Kunamveka kunong'onezana. Kenako Nangondo anati, "Akuti ali ndi tulo."

Foni inaduka. A Mbedza anaibwezera m'thumba, akudziwa kuti basi imeneyo ikulowera msewu womwe iwo angochokamo.

Jailosi anabwera n'kukhala nawo pansi. Anafuna kuwachotsa maganizo, ndiye anafunsa zantchito.

"Koma madala, ine chimandizunguza n'chimodzi. Thanki iyi siinalumikizidwe ku magetsi alionse. Nanga magetsi mukuwaopawa amachokera kuti?"

"M'njira," anayankha a Mbedza, maso ali pafumbi. "Amalowa pang'onopang'ono. Kukhulana apa, kukhulana apo. Bampu lililonse, mphepo iliyonse. Palibe chimodzi chachikulu chimene ungaloze."

"Ndiye osatha okha bwanji?"

"Alibe potulukira. Galimoto imayenda pamwamba pa nthaka, koma siikhudza nthaka. Imangosunga. Ukaiyang'ana ili bwinobwino, yoyera, yofatsa. Sungaone kanthu."

"Kenako?"

"Kenako imaima. Ndipo magetsi aja sasankha. Chimene chayamba kuyandikira, amadumphira chomwecho. Chimene chathamangira kutsogolo kukai..."

Sanamalize. Pakamwa panangokhala potsekula. Jailosi anangoona bambo wamkulu, wa imvi, ataphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Jailosi sanadziwe chimene wanena cholakwika. Ananyamuka mwakachetechete n'kukawatengera madzi.

Wokonza uja anafika dzuwa litapendeka. Analumikiza waya watsopano. A Mbedza anapana, anadikira, anatsekula, mafuta n'kutsika mwamtendere. Amayi a nthochi anamanga malichero awo n'kumapita kwawo, osadziwa kanthu.

Ku Kawale anapeza kiyi ali kwa aneba. Nyumba inali yosesedwa bwino. Malaya awo anali opindidwa pabedi. M'chipinda cha mwana munatsala kansapato kamodzi kakale kamene kanamuchepera, ndi chingwe choyanikira zovala chopanda kanthu. Anayenda chipinda ndi chipinda. Palibe chimene chinali chosalongosoka, palibe tsache logona panjira, palibe woti amukalipire. Bata limene ankalifuna ndi mawu okweza lija analipeza, ndipo linali lowawa.

M'mawa mwake anakwera minibasi ya ku Dedza, natsika pa Linthipe. Analowa kanjira kofiira kaja. Minda inali yokololedwa, mapesi ali gonegone. Atayandikira mudzi, pamene madenga ayamba kuoneka, miyendo inafuna kufulumira. Koma anaima. Panali mtengo wa mango m'mbali mwa njira. Anaika chikwama pansi, nagwada, zikhato zonse ziwiri n'kuzitsamiritsa padothi.

Sanali munthu wodziwa mapemphero aatali. Anangoyamba kunena zinthu, chimodzichimodzi, ngati munthu wotsitsa katundu.

"Ambuye, mnyamata uja wa pachipata anandinyoza, ndipo zinandipweteka. Ndikusiya pano. Bwana wanga amandilankhula ngati galu. Ndikusiya pano. Ndimaopa kuti tsiku lina ndidzapsera mumsewu, mwana wanga n'kukula wopanda bambo. Sindinauzepo munthu. Ndikusiya pano. Ndatopa, Ambuye. Ndakalamba ndisanakhale pakhomo panga."

Anatchula zaulendo umenewo, n'kutchula za maulendo akale, zina zimene ankaganiza kuti anaziiwala. Misozi inagwera pafumbi n'kumwerera. Pamene ankadzuka, mawondo anali ofiira ndi dothi, ndipo m'chifuwa munali mopepuka ngati thanki yotsitsidwa.

Atafika pakhomo pa apongozi awo, sanaitane mokweza. Anaomba m'manja, nakhala pansi kumapeto kwa bwalo. Nangondo anatuluka, nawapatsa moni ngati mlendo, n'kukhala poteropo. Mwatitha anasuzumira kuseri kwa nkhokwe, theka la nkhope lokha.

"Sindinabwere kudzakutengani," anatero a Mbedza. "Ndabwera kudzanena kuti ndazindikira chimene ndinkabwera nacho pakhomo. Sichinali chanu. Munkalandira za anthu ena."

Nangondo anatola kachitsotso n'kumajambula pansi.

"Mawuwo ndawamva, bambo a Mwatitha. Koma mawu abwino ndinawamvaponso kale."

"N'zoona."

"Ndiye muzibwera. Mukatsitsa mafuta anu, muzibwera kuno. Tizikuonani mmene mukufikira."

Tsiku limenelo mwanayo sanatuluke kuseri kwa nkhokwe. A Mbedza sanamuitane. Anatsanzika dzuwa likadalipo, nabwerera okha kunyumba yopanda anthu.

Ndipo anayamba moyo wina wa kulakalaka, woposa woyamba uja. Ulendo uliwonse ankadutsa pa Linthipe thanki itadzaza, n'kuona kanjira kofiira, osatha kukhota. Ankapitirira mpaka ku Lilongwe, n'kutsitsa, n'kubwereranso pa minibasi. Ndipo ulendo uliwonse ankaima pamtengo wa mango uja. Masiku ena ankagwada kanthawi kochepa. Masiku ena, njira ikakhala kuti inawazunza, ankakhalitsa. Sikuti anasanduka mngelo. Achipata sanasinthe, bwana sanasinthe, maenje a mumsewu anangokulirakulira. Chimene chinasintha n'chakuti zonsezo zinkathera pansi pa mtengo, osafika pabwalo.

Mango anachita maluwa. Anabereka. Mvula yoyamba inagwa, anthu n'kubzala. Mwatitha anayamba kukhala pakhonde bambo ake akabwera, kenako pamkeka womwewo koma kumapeto, kenako n'kumayankha akamufunsa zakusukulu, mawu awiri kapena atatu.

Tsiku lina, chimanga chitafika m'chiuno, a Mbedza anagwada pamalo awo aja. Atatsekula maso, anaona mapazi aang'ono ataima panjira. Anali Mwatitha, atanyamula ndowa yopanda madzi. Anali atawaonerera kwa nthawi ndithu.

"Ababa," anatero, "anthu akuti mumagwada pano nthawi zonse. Munataya chiyani?"

"Sindikufunafuna kanthu, mwana wanga. Ndikusiya."

"Mukusiya chiyani?"

"Zimene sindifuna kuti zikufike iwe."

Mwanayo anayang'ana pansi pamene panali zikhato za bambo ake. Panalibe chooneka, dothi lonyowa basi.

"Nanga zimapita kuti?"

"Mulungu amazitenga. Iye sizimupweteka."

Mwatitha anaganiza. Kenako anaika ndowa yake pansi, natenga chikwama cha bambo ake, chimene chinali cholemera kwa iye, n'kuchisenza pamutu.

"Inu tengani ndowayo," anatero. "Tikatunge kaye madzi, amayi akudikira."

Anapita kumjigo awiriwo, mwana patsogolo ndi chikwama, bambo pambuyo ndi ndowa. Pobwerera mwanayo anayamba kuwauza za aphunzitsi ake, za mnzake wina wakuba mapensulo, za galu amene anaswa ana pansi pa nkhokwe, osapumira mpaka pakhomo. Nangondo anawaona akubwera, bambo wa imvi atasenza madzi akukhavukira pamalaya. Anatembenukira kukhoma kuti asamuone nkhope.

Chimanga chitacha, Nangondo ndi mwana anabwerera ku Kawale. Kumeneko kunalibe mtengo wa mango panjira, koma kunali kamlatho ka ngalande pafupi ndi pamene minibasi imatsitsira anthu. A Mbedza ankakhala pamenepo kanthawi, chipewa chili m'manja, mutu uli pansi. Anthu odutsa ankaganiza kuti mkuluyu watopa. Sankalakwitsa kwenikweni.

Abale ndi alongo anga, fanizoli likunena za ife.

Si tonse timayendetsa thanki, koma tonse timayenda m'njira yokhulana. Mayi wogulitsa pamsika amakhulana ndi ogula tsiku lonse. Mphunzitsi amakhulana ndi kalasi yodzaza mpaka pakhomo. Namwino amatukwanidwa ndi abale a odwala amene akuwathandiza. Mlimi amakhulana ndi dzuwa ndi nthaka yokana. Timati, "Inde bwana," timamwetulira, timameza. Ndipo timaganiza kuti poti sitinayankhe, zatha. Sizinathe. Zakhala mwa ife, zosaoneka, zikudikira njira.

Madzulo timabwerera kwathu, kumene mtima unali tsiku lonse. Ndani amayamba kutifika? Si amene anatinyoza. Iye ali kwawo, akudya. Amene amayamba kutifika ndi amene amatikonda kwambiri, chifukwa ndiye amathamanga. Choncho moto wa anthu achilendo umagwera mwana wathu, mkazi wathu, mwamuna wathu, kholo lathu lokalamba. Ndipo ife timadabwa kuti, bwanji ndimawasowa chonchi, koma ndikafika ndimawapweteka?

Chikondi chokha sichitsitsa magetsi a m'njira. A Mbedza chikondi anali nacho chodzaza. Chimene analibe ndi potulira.

Nthaka imalandira magetsi a thanki, imalandira ngakhale mphezi yochokera kumitambo, ndipo mawa lake imameretsa udzu. Mulungu wathu ndi wamkulu kuposa nthaka imene anailenga. Mkwiyo wanu sungamuwotche. Manyazi anu sangamulemere. Mantha amene simunauzepo munthu, Iye akhoza kuwamva osagwedezeka. Koma mwana wanu sangathe. Mkazi wanu sangathe. Iwo ndi thupi ndi magazi, amapsa.

Ndikudziwa kuti pali ena pano amene nyumba zawo zili zii ngati ya ku Kawale ija. Munakonda, koma munafika ndi moto, ndipo anthu anachoka, kapena alipo koma mitima yawo inasamuka. Sindikulonjezani kuti abwerera mawa. Sindikudziwa kuti njira yanu idzatalika bwanji. Koma poyambira ndi pomwepo: mawondo pansi, zikhato pansi, n'kutchula chimodzichimodzi.

Ndipo inu amene anthu anu akadalipo, tamverani. Mawa mukaweruka, kunyumba kwanu kudzakhala wina amene watchera khutu kumvetsera mapazi anu. Mtima wanu udzafuna kufulumira. Musanafike pachitseko, imani. Pezani malo anu, kaya ndi pansi pa mtengo, kaya ndi pakona ya mpanda, kaya ndi mumtima chabe muli chiimire. Muuzeni Mulungu zonse zimene tsikulo lakupakani. Mupatseni Iye poyamba.

Mukatero, gogodani. Amene adzatsekule chitseko alandire inuyo, osati njira imene mwadzera.

Amen.